Mabotolo 18 M'buti: Ulendo Wathu Wokalawa Mowa ku Belgium

Tsiku loyamba: Leicester, Dover, Poperinge

Ndikulemba ndili chigonere pabedi, msana ukuwawa. Tanyamuka 4 koloko m'bandakucha, kunja kuli bii, chisanu cha Novembala chikuluma makutu. Tili atatu. Pachiwongolero pali alamu anga, mkulu wa mpingo amene mowa salawa n'komwe. Atamva kuti ulendo ukulephereka posowa woyendetsa, anangoti, "Alamu, inu muzikalawa zanuzo, ine ndizikakusungani." Wachitatu ndi mnzanga wakuntchito, namwino wachingelezi, amene amasunga kope la gulu lathu.

Gululi tilimo anthu 6. Timakumana kamodzi pamwezi, aliyense atanyamula botolo limodzi kapena awiri a mowa wa ofulula ang'onoang'ono. Timagawana m'timatambula, aliyense n'kunena zomwe wamva palilime, kenako timapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5. Chino n'chaka chachinayi. Zaka ziwiri zapitazo, pa chikondwerero cha mowa ku Leicester, tinadziwana ndi bambo wina wachikulire wa ku Roeselare, ndipo ulendo uno ndi wokasinthana naye mabotolo.

M'buti muli mabotolo 18 okulungidwa m'zitenje ndi m'matawulo. Khumi ndi awiri ndi Tynt Meadow, mowa wakuda wa 7.4% umene amonke a ku Mount Saint Bernard, pafupi ndi Coalville, anayamba kufulula mu 2018 ataona kuti ng'ombe zamkaka sizikuwapindulira. Anayi ndi stout, mtundu wina wa mowa wakuda, wa ofulula a kumpoto kwa England. Awiri otsalawo ndi Kuche Kuche, amene achemwali anandibweretsera kuchokera ku Lilongwe. Pambali pake pali kajumbo ka mgaiwa ndi ka chimera cha mawere, poti bamboyo anandifunsapo kuti kwathu timafulula chiyani, ine n'kumulonjeza kuti ndidzamuonetsa ndi manja.

Mayi a kunyumba anatiotchera nkhuku yathunthu. Tili pa M20 mnzanga anakumbukira kuti kuyambira mu 2021 nyama ndi zamkaka siziloledwa kulowa m'maiko a EU kuchokera kuno. Tinaima pafupi ndi Maidstone n'kuimaliza yonse 7 koloko m'mawa, mafuta ali noninoni m'zala.

Pasipoti yanga ikadali ya Malawi, choncho ndinalipira 90 euro ya viza ya Schengen, kuwonjezera pa makalata a kubanki, a kuntchito ndi inshuwalansi. Apolisi a ku France amayang'anira mapasipoti pa Dover pomwepo, musanakwere sitima. Wapolisi atayamba kutembenuza masamba a pasipoti yanga limodzilimodzi, mtima unagunda mpaka m'makutu, ngakhale zonse zinali m'malo. Anafunsa chomwe tikukachita. Mnzanga anati, "Mowa." Anamwetulira, n'kudinda.

Kuwoloka kupita ku Dunkirk ndi maola awiri, ndipo nyanja inali yolusa. Ine ndine mwana wa kumapiri a ku Ntcheu, madzi ambiri chonchi amandiopsa. Ndinakhala gwa pampando, nseru ili pakhosi. Dalaivala wina wa thiraki, wa imvi, anandipatsa switi wa jinja, n'kundilozera pawindo kuti ndiziyang'ana kumene madzi akumana ndi thambo. Sitinamvane chinenero, koma zinathandiza.

Tsidya lino wotchi ipite patsogolo ndi ola limodzi, galimoto iyende kumanja. Alamu anapemphera kaye tisanatuluke padoko, ndipo pa raundabauti yoyamba tonse tinali chete, mpweya titaugwira. Tinadzera ku Steenvoorde n'kulowa Belgium pa Abele, pamene palibe chipata kapena msilikali, chikwangwani chokha.

Chakudya chamadzulo: tchipisi cha mayonezi ndi stoofvlees, nyama ya ng'ombe yophikidwa mu mowa mpaka kusungunuka, 16 euro munthu mmodzi. Mowa woyamba ndi Poperings Hommelbier. Hommel ndi dzina la hops, mbewu yopatsa mowa kuwawa ndi fungo, m'kalankhulidwe ka kuno. Mnzanga atatsegula kope, ndinatchula zimene ndinazolowera kumva kwa anzanga: fungo la maluwa, la zipatso zakutizakuti. Zina mwa zipatsozo sindinazidyepo chibadwire. Zimenezi zakhala zikundidya mumtima kwa nthawi, koma lero ndatopa.

Tsiku lachiwiri: Westvleteren

Nkhungu yadzuka yochindikala. Minda ya hops kuzungulira Poperinge ili mbee: mitengo italiitali yoimikidwa mizeremizere, mawaya ali pamwamba, popanda tsamba ndi limodzi lomwe, poti anakolola mu Seputembala. Zimene zikukololedwa pano ndi beet wopangira shuga, ndipo mathirakitala adzaza timisewu ndi matope oterera ngati therere.

Timisewuto n'topapatiza, mbali zonse kuli ngalande. Pokhota pena tinakumana ndi thirakitala, alamu n'kupatukira m'mbali, ndipo tayala lakumbuyo linangotsetsereka pang'onopang'ono mpaka galimoto kupendekeka. Ndinamva mabotolo akugundana m'buti, thukuta n'kutuluka m'chisanu chonsecho. Palibe amene anavulala. Mlimi uja anatsika osanena kanthu, anamangirira tcheni, ndipo pa mphindi zisanu tinali pamsewu. Alamu anayang'ana thalauzi lawo n'kuti, "Walira mvula walira matope." Ndalama mlimiyo anakana. Ndinatsegula buti n'kumupatsa Tynt Meadow mmodzi. Anawerenga chizindikiro cha Trappist, cha mowa wa amonke, pabotolopo, n'kufunsa kawiri ngati ndi wa ku England ndithu. Kenako anakwera m'thirakitala n'kutitsitsira mtolo wa leek, anyezi wamtali uja, dothi lili kumizu. Kusinthana kwathu koyamba n'kumeneko.

Nyumba ya amonke ya Sint-Sixtus salowamo alendo wamba. Chimene umaona ndi khoma la njerwa, mitengo, ndi kanjira kamene magalimoto amalandirirako makreti. Amonke anafika pano mu 1831, ndipo zaka zochepa pambuyo pake anayamba kufulula. Kuti mowa utchedwe wa Trappist uyenera kufululidwa mkati mwa mpanda wa amonke, iwo eni akuyang'anira, ndipo phindu lipite pa zosowa za nyumbayo ndi pothandiza osowa. Mu Belgium zatsala nyumba zisanu: Chimay, Orval, Rochefort, Westmalle ndi ino. Mu 2005 anthu a pa RateBeer, tsamba la pa intaneti lopatsa mowa malikisi, anauika mowa wa pano, Westvleteren 12, pa nambala wani padziko lonse, magalimoto n'kudzaza timisewu tomwe tatigwetsa m'ngalandeti. Amonke sanathamangire kukulitsa ntchito kuti akwanitse aliyense. Kale unkaimba foni mpaka chala kutopa. Kuyambira mu 2019 umalembetsa pa intaneti, n'kudikira pamzere. Ife tinayesa miyezi itatu, osapeza malo.

Choncho tinalowa mu In de Vrede, malo odyera amene ali tsidya la msewu. Mowa ulipo wa mitundu itatu, ndipo umadziwika ndi chitsekero: chobiriwira ndi Blond wa 5.8%, chabuluu ndi 8, chachikasu ndi 12 wa 10.2%. Kwa zaka zambiri mabotolo ake analibe pepala lililonse, zonse zinkalembedwa pachitsekero. Tinaitanitsa buledi, tchizi, ndi hennepot, nyama yozizira ya nkhuku, kalulu ndi thole yogwirana ngati msuzi wa mapazi a ng'ombe ukagona. Alamu anamwa khofi, n'kudya ndi mtima wonse.

12 anabwera m'tambula yokhala ngati chikho cha mgonero, wakuda mofiirira, thovu lili nenene ngati la mkaka. Kukamwa koyamba sindinamve zambiri, anali wozizira. Mayi wina wachikulire wa patebulo loyandikana anandionetsa ndi manja kuti ndifumbatire tambulayo ndidikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita mphindi khumi mowa unatseguka. Mnzanga cholembera chili m'manja, ndinatsala pang'ono kutchula zipatso zouma zimene aliyense amatchula, koma ndinadzigwira, n'kunena chimene ndinamvadi: nthochi imene yapsa mpaka khungu kuda, shuga wopserera pansi pa poto, ndi mbatata yootcha paphulusa, pamalo paja pamene uchi wake watuluka n'kuuma pakhungu. Anandifunsa kuti mawuwo amalembedwa bwanji. M'kope la zaka zinayi, lero ndi pamene mwalowa Chichewa: mbatata yootcha, 4.5.

Ndinamwa tambula imodzi, ya 8 tinagawana. Ndinene zoona, mowa wamphamvu chonchi ndimauopa. Malume anga anatha ndi kachasu ndili Fomu 2, ndipo ndinaona mmene munthu wanzeru amafotera. N'chifukwa chake m'gulu lathu botolo limodzi timagawana anthu 6, ndipo n'chifukwa chake ndinafuna kuti alamu akhalepo.

Kasitolo ka pakhomo lero kamalola paketi imodzi ya mabotolo 6 pa munthu. Mnzanga anapempha alamu kuti aime nawo pamzere tipeze yachitatu. Anayankha mofatsa, "Kuyendetsa ndinavomera, kugula ayi." Sitinawakakamize.

Tsiku lachitatu: Watou

Mvula tsiku lonse, ya mawawa. Thupi lalemera, ndipo ndasowa ana. Buledi tagula pa makina a m'mbali mwa msewu, 3 euro. Kuno ngakhale mbatata ya kachewere imagulitsidwa choncho.

Watou ndi kamudzi ka pamalire ndi France, kwawo kwa ofulula a St. Bernardus. Kuyambira mu 1946 mpaka 1992 iwowa ndi amene ankafulula mowa wogulitsa m'dzina la Sint-Sixtus, mwa chilolezo cha amonke. Pangano litatha anapitiriza m'dzina lawolawo, ndipo Abt 12 wawo umamupeza ngakhale m'masitolo a ku Leicester.

Madzulo tinachita mayeso. Alamu anatitulutsa m'chipinda, n'kuthira Westvleteren 12, Abt 12 ndi Rochefort 10 m'makapu atatu a tiyi. Rochefort ndinamudziwa msanga, 11.3% imatentha pachifuwa. Awiri enawo tonse tinawasemphanitsa, ndipo kapu imene ndinaipatsa malikisi ambiri inali ya Abt 12. Mnzanga zamukhumudwitsa, wakhala akutembenuza kope mpaka pano. Ine zandimasula. Wa dzulo uja anakomadi, koma mkati mwa kukomako munali nkhungu, ngalande, mlimi, ndi mayi wondiphunzitsa kufumbatira tambula. Zimenezo m'kapu ya tiyi munalibe.

Tsiku lachinayi: Roeselare

M'mawa tinaona fakitale ya mowa ya Rodenbach, imene inayamba mu 1821. Ndingonena chimodzi: migolo. Ilipo 294, ya mtengo wa oak, yoimirira, ina yaitali kuposa nyumba ya kumudzi, ina ya zaka zoposa 100. Mowa wofiira umakhalamo mpaka zaka ziwiri ukusasa pang'onopang'ono, kenako amausakaniza ndi watsopano. Grand Cru wawo anandikumbutsa bwemba woviikidwa m'madzi a shuga, ndipo ndinalembetsa choncho.

Masana tinafika kwa abambo aja. Anapuma pa ntchito ya njanji, amakhala ndi akazi awo m'kanyumba kopapatiza ka njerwa zofiira. Anatilandira ndi supu, ndipo leek wa mlimi uja tinapereka kwa amayiwo. Titadya anatitsitsira kuchipinda chapansi. Kuli zii, kukununkha chinyontho, mabotolo ali m'mashelefu, ena ogoneka ena oimika, lililonse ndi kapepala ka chaka chimene analigula.

Mnzanga anali atakonzeka. Anatulutsa pepala limene analembapo mtengo wa botolo lililonse lathu ndi malikisi ake, kuti kusinthana kukhale kwachilungamo, wina asadyeredwe. Bamboyo analiwerenga mwaulemu, analipinda, n'kuliika pansi pa tambula. Ndiye anayamba kufunsa. Mumakonda chiyani? Mwa anzanu otsala aja, ndani amaopa zowawasa? Ndani anayamba posachedwa? Poyankha ife, iwo ankatola. Oerbier wa De Dolle ku Esen, wa mnzathu wokonda zakuda. Pannepot wa De Struise. Oude Geuze Boon wa ku Lembeek, mowa wowawasa wa mtundu wa gueuze, kuti woyamba kumene ayambire pamenepo. Awiri a ofulula otchedwa 3 Fonteinen. Orval awiri, wina wa miyezi itatu wina wa zaka zinayi, kuti tikawatsegule limodzi tikamve zimene yisiti ya Brettanomyces imachita m'botolo zaka zikamapita. Titawerenga, ife tinapereka 15, iwo 21. Mnzanga anadandaula kuti sizikulingana. Alamu anandinong'oneza, "Muuzeni kuti kupatsa n'kuikiza." Ndinamasulira, bamboyo n'kugwedeza mutu, kuti chaka chamawa akubwera ku Leicester ndipo sadzabwera ndi chikwama chodzaza.

Zonse zitalongedzedwa, anabwerera pansi n'kutenga Westvleteren 8 awiri a m'kreti yawo. Anawaika padera, n'kunenetsa kuti awa sali m'kusinthana, ndi mphatso. Wogula kwa amonke amalonjeza kuti sadzagulitsa, ndipo kwa iwo kulandira botolo pobweza botolo kwayandikira kwambiri kugulitsa. M'gulu lathu tinakanganapo za nkhaniyi, ine ndili kumbali yoti palibe vuto bola ndalama isadutse. Lero ndasintha maganizo. Ukayamba kuwerengera kuti chitsekero chachikasu chimodzi chikugula ma gueuze angati, wautenga mowa wa amonke n'kuusandutsa ndalama, ngakhale khobidi silinaoneke.

Kuche Kuche ndinamutulutsa ndi manyazi pang'ono, pakati pa mabotolo a mbiri chonchi. Iwo anatenga matambula oyera, anamununkhiza, anamwa mwachidwi. Ndinawafotokozera kuti fakitale ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1968, yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark, kuti kampani ya Castel inaigula mu 2016, ndi kuti dzinalo likunena za kumwa mpaka kunja kuche. Anati ndi mowa wa dzuwa, wa munthu amene watuluka thukuta, ndipo kuulawa m'chipinda chozizira n'kuulakwira. Botolo lopanda kanthu analitsuka n'kuliika pashelefu.

Kenako tinalowa kukhitchini. Ndinatereka madzi mumphika waukulu wa supu, n'kuphika phala la mgaiwa, lolimbirako. Litapsa ndinaliphula kuti lipole. Amayiwo anabweretsa choyezera kutentha, koma ine ndinachita mmene agogo ankachitira: kuviika chala, ngati ukutha kupirira pang'ono osachotsa msanga, lafika. Ndinawaza chimera n'kuyamba kutakasa. Phala lija, limene mthiko unkaima chilili, linayamba kumasuka, kumasuka, mpaka kukhala madzimadzi. Amayiwo anafuula. Bamboyo anaviika supuni, n'kupeza kuti latsekemera popanda shuga. Anaika choyezera chija: madigiri 64. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ofulula onse amene tawaona sabata ino amasakaniza chimera chawo cha balere pa kutentha kumeneku, poti m'pamene mphamvu ya m'mbewu yomera imaswa ufa kukhala shuga. Agogo sanapite kusukulu. Chala chawo chinkadziwa.

Tinaliwiritsanso, n'kulivindikira ndi nsalu. Tidzalipeza mkuja.

Tsiku lachisanu: Brussels

Galimoto taisiya ku Roeselare, poti ya kunja imafunika kuilembetsa kaye isanalowe mu Brussels, malinga ndi malamulo a utsi. Pa sitima ndi ola limodzi ndi theka, ndipo ndinagona njira yonse. Kuchoka pa siteshoni ya Midi kupita kofululira mowa ku Cantillon ndi mphindi khumi wapansi, kudutsa m'misewu ya Anderlecht ya magalaja, masitolo a zitenje ndi a nsomba zouma. Patatha masiku anayi tili akuda awiri okha paliponse pamene talowa, mapewa anga anatsika nditamva Chilingala pamsewu.

Pa Rue Gheude 56 pali chitseko chonga cha galaja. Titangochikankha, fungo linandimenya. Ndinaima. Alamu, amene anali kumbuyo kwanga, ananena ndisanatsegule pakamwa: "Alamu, uwu si mowa wa dima uwu?"

Ndi womwewo. Fungo la m'khitchini ya agogo ku Ntcheu pa tsiku lachinayi la masese: chinyontho, utsi wakale, kuwawasa kokoma kumene kumakoka malovu. Zaka 30 sindinalimve.

Cantillon inayamba mu 1900, ndipo ikadali m'manja mwa banja lomwelo. Wofulula pano ndi Jean Van Roy. Mu 1978, pamene anthu anali atautaya mowa wowawasa n'kuthamangira wotsekemera, banjalo linaitsegula ngati nyumba yosungiramo mbiri kuti isafe. Mowa wawo, wotchedwa lambic, amapanga ndi magawo awiri a chimera cha balere ndi gawo limodzi la tirigu wosameretsa. Hops amathira wakale, wogonera zaka zitatu, amene kuwawa kunatha koma mphamvu yoteteza mowa kuti usaole ikadalipo. Akawiritsa kwa maola angapo, amapopera madziwo kudenga.

Tinakwera makwerero a matabwa, otsetsereka. Pansi pa denga penipeni pali chibeseni chachikulu cha kopa, chotambalala koma chosazama, cholowa malita 7,500. Amachitcha koelschip. M'mbali muli timazenera ta matabwa totsekula. Madzi otentha aja amagona mmenemo usiku wonse, mphepo yozizira ikudutsa, ndipo yisiti ndi tizilombo ta mumpweya ndi m'matabwa a nyumbayo timagweramo tokha. Palibe amene amathira yisiti ya m'paketi. N'chifukwa chake amafulula m'miyezi yozizira yokha, kuyambira chakumapeto kwa Okutobala mpaka cha mu Epulo. Kukafunda, mumagwera tizilombo tolakwika. Eni ake akhala akudandaula kuti nyengo yofululira ikufupika chifukwa usiku wozizira ukuchepa.

M'mawa mwake amathira m'migolo ya mitengo. Tinadutsa pakati pa mizere yake, mumdima. Ina yatsopano inali ikutulutsa thovu loyera pakamwa, likutsikira m'mbali. Agogo akaona chotere pa mbiya ankati mowa wadzuka. M'ngodya muli maukonde a akangaude, ndipo sawapha, poti amadya tintchentche tobwera ndi zipatso. Migolo amaitsuka kwambiri, koma nyumbayo saipaka mankhwala. Ndinakumbuka kuti mbiya ya mowa ya agogo sinkakhudzidwa ndi sopo, ndipo tsiku lina ndinakalipiridwa koopsa nditafuna kuitsuka kuti ndiwasangalatse.

Mowawo umakhala m'migolo chaka chimodzi, ziwiri, mpaka zitatu. Gueuze ndi kusakaniza wa zaka zosiyanazo: wamng'ono amabweretsa shuga wotsala, wamkulu amabweretsa fungo, ndipo m'botolo amawiranso n'kupanga mpweya. Kriek ndi lambic woviikamo matcheri owawasa.

Polawa anayamba kutipatsa lambic wa mumgolo, wopanda thovu, wachikasu mwa mbuu. Alendo ena a patebulo lathu anakwinya nkhope. Ine ndinamwa, n'kutseka maso. Masau ouma a ku Chikwawa. Malambe ukawamumunya mpaka nthanga kuyera. Kumapeto kwake, kafungo ka khola la mbuzi m'mawa mvula itagwa, kamene kulemba kumaoneka ngati konyansa koma mkamwa n'kokoma. Pansi pa zonsezo, masese amene agogo ankandilawitsa ndi chala.

Sindikunena kuti ndi mowa umodzi. Masese ndi a chimanga, ndi ophala, amamwedwa akadali kuwira ndipo pa sabata atha. Uwu ndi wosefeka, woleza mtima zaka zitatu. Koma nzeru yake ndi imodzi: konza chakudya chotsekemera, usiye poyera, ukhulupirire zosaoneka za pamalopo. Chimene chinandiwawa, nditakhala pabenchi paja, n'choti pano anthu akwera ndege kuchoka ku America ndi ku Japan kudzajambula akangaude, pamene agogo ankatchedwa mayi wa mowa wauve, ndipo ine ndemwe nditapita kusekondale ndinkabisa zoti fizi ya bambo anga inachokera m'mbiya imeneyo. Misozi inalengeza. Alamu anandigwira phewa osanena kanthu.

Mnzanga anafunsa malikisi. Ndinamuuza kuti alembe masau, malambe, khola, agogo, koma pa nambala asiye pomwepo. Anasiya.

Tinagula gueuze atatu ndi kriek awiri. Pobwerera tinadzera m'katikati mwa tauni kufuna chakudya, ndipo pawindo la sitolo ina ya alendo ndinaona chitsekero chachikasu chija, botolo limodzi 17 euro. Ndinakumbuka mabotolo awiri oikidwa padera dzulo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi: Roeselare, Dunkirk, panyanja

Thobwa talipeza lili bwino. Khitchini yawo ndi yozizira, choncho langoyamba kumene kuluma lilime, timathovu tochepa tikukwera m'mbali mwa mphika. Alamu analinunkhiza mosamala n'kugamula kuti likadali thobwa, atha kumwa. Chipanda panalibe, tinagwiritsa mbale ya supu. Ndinawafotokozera kuti kwathu wofulula amayamba ndiye kumwa, alendo akuona, kuti onse amwe ndi mtima pansi. Ndinamwa, n'kupatsira amayiwo, iwo n'kupatsira amuna awo, kenako mnzanga, kenako alamu. Sabata yonseyi aka kanali koyamba kuti tonse timwe chinthu chimodzi, m'chiwiya chimodzi. Mbaleyo inazungulira katatu.

Bamboyo anapempha kope n'kulembamo mizere inayi m'Chidatchi, imene sitinaimasulirebe. Anapemphanso chimera chotsala, ndi kuti theka la mphika alisiye masiku ena atatu aone chimene lidzasanduke. Ndinawachenjeza kuti kuti likhale masese enieni pali zina zimene agogo ankachita pakatipo, zomwe ine ndinkangoonera patali.

Pa bampu ina pafupi ndi doko tinamva kuti phwa. Orval wa miyezi itatu uja wasweka, chitenje cha mayi a kunyumba chanyowa, galimoto yonse ikununkha. Mnzanga anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati wamng'onoyo tikamugula ku Leicester, bola wa zaka zinayi ali moyo. Alamu atsegula mawindo. Akuti Lamulungu lisanafike galimoto itsukidwe, ndipo ndavomera kuti ntchitoyo ndi yanga. Malire olowera nawo ku Britain osalipira msonkho ndi malita 42 a mowa pa munthu, ife tonse pamodzi sitinafike ndi 20 omwe.

Nyanja lero yagona. Ndakhala pawindo, ndatumiza uthenga wa mawu kwa azakhali ku Ntcheu, amene ankathandiza agogo pa mbiya, kuwafunsa kuti chimera chachiwiri chinkalowa tsiku liti, ndipo ankadziwa bwanji kuti mowa wapsa. Ayankha msanga, akuseka, kumbuyo kukumveka mvula padenga la malata. Akuti zimenezo sizinenedwa pafoni, ndipite m'mwezi wa Ogasiti anthu atakolola, ndikagule mawere ndekha pa Lizulu, ndikaime pambali pawo masiku onse.

Mnzanga akugawa kale mabotolo papepala, uyu wa mwezi uno, uyu wa Khirisimasi. Magetsi a Dover ayamba kuoneka, ndipo alamu akudzikumbutsa chapansipansi kuti tikatsika, kumanzere.